Sitima ya London ndi Paris: njanji ilipo, vuto lili pa chipata

Lero tikambe za ulendo wa pa sitima ya pamtunda pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu ya ku Ulaya, London ku Britain ndi Paris ku France. Munthu akakwera sitima ya Eurostar pa siteshoni ya St Pancras, mkatikati mwa London, amakatsika pa siteshoni ya Gare du Nord, mkati mwa Paris, patangopita maola awiri ndi mphindi pafupifupi 16. Njanjiyi ndi yotalika makilomita 492, womwe ndi pafupifupi mtunda wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe n'kuwonjezerapo theka lake lina, ndipo mkati mwa ulendowo sitima imalowa pansi pa nyanja imene imalekanitsa maiko awiriwa. Mfundo imene ndikufuna tiiunike ndi yakuti pa ulendo ngati umenewu sitima ndiyo njira yoyenera kuposa ndege, ndipo zimene apaulendo amadandaula nazo, makamaka kudula kwa tikiti ndi mizere ya pa chipata, gwero lake si njanji kapena sitimayo. Gwero lake ndi zimene maboma ndi makampani anasankha, ndipo zambiri mwa izo angathe kuzisintha popanda kukumba ngakhale mita imodzi ya dothi.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi mmene ulendowu unkakhalira kale. Nyanja ya pakati pa Dover ku Britain ndi Calais ku France, pamene yaphaphatiza kwambiri, siipitirira makilomita 34, koma madzi ochepawa ankadula ulendo pakati. Wapaulendo ankakwera sitima ku London, kutsika ku Dover ndi katundu wake, kukwera chombo, kutsikanso ku Calais n'kukwera sitima ina, ndipo tsiku linkathera m'njira, makamaka nyanja ikakalipa. Kuyambira 1936 mpaka 1980 kunalinso sitima ya usiku yotchedwa Night Ferry, imene mabogi ake ogonamo ankalowetsedwa m'chombo ku Dover, kumangidwa ndi maunyolo, n'kukatsitsidwa ku Dunkirk, ku France, anthu ali mtulo. Maganizo okumba njira pansi pa nyanja ndi akale kuposa zonsezi. Mu 1802 injiniya wa ku France, Albert Mathieu-Favier, anajambula ngalande yodutsamo ngolo zokokedwa ndi akavalo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 ntchito yokumba inayambikadi, ndipo mbali iliyonse inakumba mtunda wopitirira kilomita imodzi, koma mu 1882 boma la Britain linaimitsa ntchitoyo chifukwa akuluakulu a asilikali ankaopa kuti adani angadzadzere momwemo. Mu 1974 anayambanso, ndipo mu January 1975 boma la Britain linaimitsanso, ulendo uno ponena kuti ndalama zavuta. Kawiri konse mwala unali utalola, koma anthu ndiwo anabwerera m'mbuyo.

Pangano limene linagwira ndi la pa 12 February 1986, losainidwa ku Canterbury pamaso pa nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, ndi pulezidenti wa France, François Mitterrand. Akatswiri anatsata mzere wa mwala wofewa wa choko chosakanikirana ndi dongo, womwe makina amaudula mosavuta komanso sulowetsa madzi wambawamba. Anakumba ngalande zitatu zoyandikana: ziwiri za sitima, ina yopita ina yobwera, ndi yachitatu yaing'ono pakati, yodzera okonza zinthu komanso yothawiramo pakagwa ngozi. Pa 1 December 1990 okumba ochokera ku Britain ndi ochokera ku France anakumana pansi pa nyanja n'kugwirana chanza pa kabowo. Ngalande yonse, imene dzina lake ndi Channel Tunnel, ndi yotalika makilomita 50, ndipo makilomita pafupifupi 38 mwa amenewa ali pansi pa madzi. Dothi limene linatuluka ku mbali ya Britain analiunjika m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Dover mpaka linapanga mtunda watsopano wotchedwa Samphire Hoe, kumene lero anthu amakayenda ndi kuonera mbalame. Tisaiwale kuti antchito osachepera khumi anataya miyoyo yawo pa ntchitoyi. Mfumukazi Elizabeth II ndi Mitterrand anatsegula njirayi pa 6 May 1994, ndipo sitima zonyamula anthu zinayamba kuyenda pa 14 November chaka chomwecho.

Ngakhale zinali choncho, ngalande payokha sinafupikitse ulendo mokwanira. France inali itatsegula kale njanji yake ya sitima zothamanga yolowera kumpoto mu 1993, choncho sitima ikatuluka pafupi ndi Calais inkathamanga makilomita 300 pa ola. Ku Britain inkakwawa pa njanji zakale za m'chigawo cha Kent, kumadikirana ndi sitima za anthu opita ku ntchito, mpaka kukafika pa siteshoni ya Waterloo, ndipo ulendo wonse unkatenga maola atatu. Britain inatsiriza njanji yake yatsopano, ya High Speed 1, mu November 2007, patapita zaka 13, ndipo m'pamene ulendo unatsikira pa maola awiri ndi kotala. M'ngalande mwenimwenimo sitima siipitirira makilomita 160 pa ola, ndipo imakhalamo mphindi 20 zokha. Kunja kwa zenera kumangoti bii, kenaka kuwala kumabwerera muli kale m'minda ya tirigu ya ku France.

Tsopano wina anganene kuti ndege imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa kuchoka ku London kukafika ku Paris, nanga sitima ya maola awiri ingaipose bwanji? Yankho ndi lakuti munthu sayamba ulendo ndege ikanyamuka, ndipo sautsiriza ndege ikatera. Bwalo la ndege la Heathrow lili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa London, ndipo la Charles de Gaulle lili pa mtunda wofanana nawo kuchokera pakati pa Paris. Mabwalo amene ndege zotsika mtengo zimakonda ali kutali kuposa pamenepa. Muwerengere nthawi yopita ku bwalo, maola awiri odikira, kuyenda kwa ndege pansi isananyamuke, kudikira chikwama, n'kukweranso sitima kapena basi yolowa mumzinda, mupeza kuti maola anayi atha. Pa sitima, munthu amafika pa siteshoni kukadali ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, zikwama ziwiri zikuluzikulu amalowa nazo popanda kuziyeza pa sikelo, botolo la madzi salandidwa, ndipo ziphaso zimaonedwa asanakwere, chifukwa apolisi a France amakhala ku St Pancras komweko ndipo a Britain amakhala ku Gare du Nord. Akafika amangotsika n'kutuluka panja. Maola awiri a m'sitimamo ndi ake: angathe kuwerenga, kugwira ntchito pa kompyuta, kugona, kapena kuimirira n'kupita ku bogi yogulitsira tiyi. N'chifukwa chake gawo lalikulu kwambiri la anthu oyenda pakati pa mizinda iwiriyi linasiya ndege n'kutengedwa ndi sitima, popanda lamulo lililonse lowakakamiza.

Pali chinanso chimene mawotchi sayeza, ndicho malo amene mlendo amafikira. Paris weniweni ndi mzinda wothinana, wa anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni pa malo a masikweya kilomita 105 okha, ndipo ndi mzinda woyenera kuuona ukuyenda pansi. Gare du Nord, pomwe pamadutsa anthu ambiri kuposa siteshoni ina iliyonse ku Ulaya, inamangidwa m'zaka za m'ma 1860, ndipo pamwamba pa khoma lake lakumaso pali ziboliboli zoimira mizinda yakutali, London ali pomwepo, ngakhale kuti sitima yoyenda pa njanji yokhayokha kuchokera kumeneko inadzafika patapita zaka 130. Mukatuluka pa khomo limeneli simuyamba mwaona Paris wa pa zithunzi. Chakumpoto pang'ono, kulowera ku La Chapelle, kuli masitolo ndi malo odyera a Atamil ochokera ku Sri Lanka ndi ku India. Mukapitirira muli ku Goutte d'Or ndi ku Château Rouge, kumene anthu a ku Senegal, Mali, Congo, Cameroon ndi Algeria akhala kwa mibadwo, ndipo pa msika wa mumsewu wa Dejean mupeza chinangwa, therere, nthochi zophika ndi nsomba zouma, pamene masitolo oyandikana nawo adzaza ndi zitenje ndipo matelala ali kalikiliki. Kuchoka pamenepo kukwera chitunda cha Montmartre, pamene pali tchalitchi choyera cha Sacré-Cœur, ndi ulendo wapansi wa mphindi zochepa, ndipo mukaima pa masitepe ake mzinda wonse uli pansi panu. Wobwera pa ndege, amene watengedwa pa galimoto kuchoka ku bwalo mpaka ku hotela, angathe kubwerera kwawo osadziwa kuti Paris ndi mzindanso wa anthu a ku Africa. Kwa ine ichi ndi chifukwa chokwanira pachokha chosankhira njanji, pakuti mlendo amayamba waona anthu okhala mumzinda asanaone zipilala zake.

Zipilalazo nazo zili pafupi. Pansi pa siteshoniyi pali sitima za mumzinda, ndipo ya RER B imakufikitsani ku Saint-Michel mutangodutsa siteshoni imodzi, m'mphepete mwa mtsinje wa Seine, moyang'anizana ndi tchalitchi cha Notre-Dame. Tchalitchichi chinayamba kumangidwa mu 1163, chinapsa denga pa 15 April 2019, ndipo chinatsegulidwanso mu December 2024 amisiri atasema mitengo ya denga ndi nkhwangwa monga ankachitira akale. Kulowamo n'kwaulere. Mukatsata mtsinje kulowera kumadzulo mupeza myuziyamu ya Louvre ku dzanja lamanja, ndipo kutsidya kwake kuli Musée d'Orsay, nyumba ya zojambula imene poyamba inali siteshoni ya sitima yotsegulidwa mu 1900, mpaka nsanja zake zinafupika kwa sitima zazitali za masiku otsatira, n'kudzasanduka myuziyamu mu 1986. Chakutsogolo, pafupi ndi nsanja ya Eiffel ya mu 1889, pali Musée du quai Branly, kumene kukusungidwa zinthu zambirimbiri za ku Africa, zina mwa izo zotengedwa pa nthawi ya atsamunda. Mu November 2021 France inabweza ku Benin zinthu 26 zimene asilikali ake analanda ku nyumba yachifumu ya Abomey mu 1892. Mlendo wa ku Africa ayenera kukalowa m'nyumba imeneyi akudziwa mbiri yake, chifukwa zimene zabwezedwa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zatsala. Wokonza ulendo akumbukire zing'onozing'ono zimene zimawononga tsiku: nthawi ya ku Paris ili patsogolo pa ya ku London ndi ola limodzi, Louvre satsegula Lachiwiri, ndipo Orsay satsegula Lolemba.

Apa pamabuka chidandaulo chomveka, chakuti kufupika kwa ulendo kumalimbikitsa anthu kungodumphira mumzinda m'mawa, kujambulitsa, n'kubwerera madzulo, ndipo amene amavutika ndi khamulo ndi eni mzinda. Kuthithikana kulipodi. Louvre imalandira alendo pafupifupi 9 miliyoni pa chaka, ndipo akuluakulu ake anachita kuika malire a anthu 30,000 pa tsiku. Koma khamu limenelo limachokera pa dziko lonse lapansi, ndipo ambiri amafika pa ndege. Ndiponso munthu amene akudziwa kuti Paris ali pa mtunda wa maola awiri sakhala ndi phuma loti aone zonse lero. Angathe kuthera tsiku lonse m'mbali mwa Canal Saint-Martin, womwe uli pafupi ndi siteshoni, kapena m'dera limodzi lokha, podziwa kuti adzabweranso. Wothamangathamanga ndi uja amene akuganiza kuti mwayi wake ndi womwewu basi.

Chidandaulo chachikulu ndi cha mtengo, ndipo sindichipeputsa. Munthu akagula tikiti kukadali miyezi, amaipeza pa mtengo wabwino, koma akagula ulendo utayandikira, kapena pa nthawi ya tchuthi, angathe kulipira kawiri kapena katatu kuposa wa ndege. Banja la ana atatu likawerengera, limasankha ndege kapena basi ya usiku, ndipo palibe angalinene. Funso n'lakuti kudulaku kukuchokera kuti. Mu 1986 boma la Thatcher linakanitsitsa kuikapo ndalama za boma, choncho ngalande inakumbidwa ndi ngongole za mabanki ndi ndalama za ogula masheya. Ntchito inadya mapaundi 4.65 biliyoni pa mitengo ya 1985, kupitirira bajeti ndi magawo 80 pa 100. Ngongoleyo iyenera kubwezedwa, ndiye sitima iliyonse yodutsa imalipira eni ngalande, kampani imene lero ikutchedwa Getlink, n'kulipiranso eni njanji ya High Speed 1 ndi eni njanji ya ku France, ndipo zonsezi zimathera pa tikiti. Ndege ilibe njanji yoti ilipire. Kuwonjezera apo, mafuta a ndege zopita kunja salipiridwa msonkho wa mafuta, pamene sitima imagula magetsi pa mtengo wa pamsika. Mpikisano woterewu si wachilungamo, ndipo amene anaukonza motero ndi maboma. Chinanso n'chakuti kwa zaka zoposa 30 kampani yonyamula anthu kuchoka ku London kudzera m'ngalandeyi yakhala imodzi yokha. Tili ndi umboni wa zimene zimachitika ena akalowa. Ku Italy kampani ya Italo inayamba kupikisana ndi Trenitalia mu 2012, ndipo ku Spain Ouigo inalowa pa njanji ya Madrid ndi Barcelona mu 2021, Iryo n'kutsatira mu 2022. Konseko matikiti anatsika ndipo okwera anachuluka. Palibe chifukwa choganizira kuti London ndi Paris angasiyane ndi mizinda imeneyi.

Ena amapita patali n'kunena kuti ntchito yonseyi inali kutaya chuma. Manambala awo ndi oona. Pokonza mapulani ankayembekezera anthu 15.9 miliyoni pa Eurostar m'chaka choyamba, koma mu 1995 anakwera 2.9 miliyoni okha, mu 2000 anafika 7 miliyoni, ndipo ngakhale mu 2019 anali pafupifupi 11 miliyoni. Anthu wamba amene anagula masheya, ambiri a iwo a ku France, anataya ndalama zambiri, ndipo mu 2007 kampani inapulumuka pokhapokha ngongole zake zitadulidwa. Koma zimenezi zikutiuza kuti olosera analakwitsa ndiponso kuti njira yopezera ndalama inali yolakwika. Sizikutiuza kuti ngalande njopanda ntchito. Chinthu chomangidwa kuti chikhale zaka zoposa 100 sichingaweruzidwe ndi phindu la zaka khumi zoyambirira. M'ngalande momwemo mumadutsanso sitima zonyamula malole ndi magalimoto pakati pa Folkestone ku Britain ndi Coquelles ku France, ndipo gawo lalikulu la malonda a Britain ndi Ulaya limadalira njira imeneyi. Mzinda wa Lille ku France, umene unagwa mphwayi mafakitale a nsalu ndi migodi ya malasha ya m'chigawocho zitatsekedwa, unapezeka uli pa mphambano ya London, Paris ndi Brussels, ndipo pozungulira siteshoni yake yatsopano panamangidwa dera lonse la maofesi. Phindu lotere sililowa m'buku la kampani, koma lilipo.

Za ngozi ndi kuchedwa, tivomereze kuti njira imodzi ikatsekeka zonse zimaima. Moto unabuka m'ngalande mu 1996 ndi mu 2008, konse kawiri pa sitima zonyamula malole, ndipo palibe anafa, chifukwa anthu anathawira m'ngalande yapakati ija. Mu December 2009 sitima zisanu zinafera mkati chipale chimene chinalowa m'mainjini chitasungunuka ndi kutentha kwa pansi, ndipo anthu oposa 2,000 anavutika usiku wonse. Izi n'zoipa, koma chifunga, mphepo ndi sitiraka zimaimitsanso ndege, ndipo zimatero kawirikawiri.

Mfundo ya chilengedwe ndi yolemera kwambiri, ndipo kwa ife a kuno kumene mvula yasokonekera ndipo namondwe amakokolola midzi, si nkhani ya azungu okha. Sitima imodzi ya mtundu wa e320, yotalika mamita pafupifupi 400, imanyamula anthu pafupifupi 900, omwe angadzaze ndege zisanu za maulendo aafupi. Kampani ya Eurostar imati mpweya woipa wa munthu mmodzi pa ulendowu umachepa ndi magawo oposa 90 pa 100 poyerekeza ndi ndege. Wina angakayike poti ndi mawu a wogulitsa, koma chifukwa chake n'chosabisika. Sitima imayendera magetsi, ndipo France imapanga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake ndi nyukiliya, pamene Britain inatseka fakitale yake yomaliza yopanga magetsi ndi malasha mu September 2024. Ndege imawotcha mafuta ambiri ponyamuka ndi pokwera, choncho ulendo waufupi ndiwo umawononga kwambiri pa kilomita iliyonse. Amene amati kukumba ngalande nakonso kunawononga mpweya akunena zoona, koma simenti ndi zitsulo zimenezo zinalowa kale pansi, ndipo njira yokhayo yobwezera mtengo wake ndiyo kudzaza sitima. France inaletsa mu 2023 ndege za mkati mwa dziko pakati pa bwalo la Orly ndi mizinda ya Lyon, Nantes ndi Bordeaux, kumene sitima imafika pasanathe maola awiri ndi theka. Lamulolo silikhudza London, koma muyeso wake ukadagwiritsidwa ntchito, ulendo umene tikukambawu ukadalowamo.

Tifike tsopano pa chipata, pamene pali vuto lenileni. Britain sinalowepo m'dera la Schengen, lomwe maiko ake 29 anachotsa zipata pakati pawo, choncho ziphaso zakhala zikuonedwa kuyambira pachiyambi. Koma dzikoli litatuluka mu European Union mu 2020, apolisi a France anayamba kudinda chiphaso cha nzika iliyonse ya Britain, ndipo masekondi ochepa owonjezera pa munthu mmodzi, mukawachulukitsa ndi anthu 900, amasanduka mzere wosatha. Kumayambiriro kwa 2023 akuluakulu a Eurostar ananena poyera kuti zipata zikudutsitsa anthu ochepa ndi magawo 30 pa 100 kuyerekeza ndi kale, ndipo sitima zina za m'mawa zinkanyamuka ndi mipando mazana angapo yopanda anthu, osati chifukwa chosowa ogula, koma chifukwa sakadatha kuonedwa nthawi isanakwane. Mipando ikachepa mtengo umakwera. Masiteshoni a Ashford ndi Ebbsfleet, amene anamangidwa ndi ndalama zambiri kuti anthu a ku Kent azikwerera kufupi, Eurostar inasiya kuimapo mu 2020, moti munthu wa ku Ashford amayamba wabwerera ku London kuti akakwere sitima imene idzadutsenso pakhomo pake.

Kwa abale athu okhala ku Britain, chipatachi n'chokwera kuposa pamenepa. Namwino wa ku Malawi wogwira ntchito ku Manchester, kapena wophunzira wa ku Zambia amene ali ku Glasgow, ngakhale ali ndi chilolezo chonse chokhalira ku Britain, sangakwere sitimayi popanda viza ya Schengen. Viza imeneyi kuyambira June 2024 ndi mayuro 90, osawerengera ndalama ya kampani yolandira mafomu, ndipo amafunanso inshuwalansi, umboni wa kumene mukagone, kalata ya ku ntchito kapena ku sukulu, ndi masitetimenti a ku banki. Akakukanani ndalamayo siibwerera. Choipa kwambiri n'chakuti tikiti yotsika mtengo imafuna kugula msanga, pamene tsiku lokaonekera ku ofesi ya viza lingathe kupezeka mochedwa, ndiye munthu amakakamizika kusankha pakati pa kugula tikiti asanadziwe yankho, kapena kudikira n'kulipira mtengo wokwera. Ndipo pali ena amene chipatachi chawatsekera kotheratu. Mipanda yaitali ya waya imene wapaulendo amaona pa zenera pafupi ndi Calais inakwezedwa mu 2015, chaka chimene anthu othawa kwawo angapo anafa poyesa kulowa m'ngalande kapena kukwera sitima za malole. Njira imeneyo itatsekedwa, ambiri anatembenukira ku timaboti ta mphira, ndipo pa 24 November 2021 anthu osachepera 27 anamira usiku umodzi. Anthu ochokera ku Sudan, Eritrea, Afghanistan, Iraq ndi Iran akufera pamwamba pa madzi omwewo amene sitima imadutsa pansi pake m'mphindi 20. Ndege nayo ili ndi chipata chomwechi, choncho imeneyi si mfundo yoti tisiye sitima, koma sitingayamikire njanjiyi moona mtima tikabisa amene yawasiya kunja.

Zofunika kuchita n'zodziwika, ndipo eni ngalande ndi eni njanji amanena okha kuti malo a sitima zina zambiri alipo. Chothina ndi chipinda chodikiramo ku St Pancras, chimene chili pansi pa nsanja za sitima, m'malo amene omanga a mu 1868 anakonzera migolo ya mowa wochokera ku Burton. Chipindachi chiyenera kukulitsidwa, apolisi a pa chipata achuluke, ndipo Ashford ndi Ebbsfleet atsegulidwenso kuti khamu ligawikane. Kuyambira October 2025 maiko a Schengen anayamba kulemba alendo pojambula nkhope ndi zidindo za zala, ndipo dongosololi lingafulumizitse mzere kapena kuutalikitsa, malinga ndi kuchuluka kwa makina ndi antchito amene aikidwepo. Chothina china ndi malo okonzera sitima a Temple Mills kum'mawa kwa London, okhawo ku Britain amene angalandire sitima za mtundu uwu, ndipo kampani yatsopano singayambe popanda kupatsidwako malo. Kumapeto kwa October 2025 bungwe loyang'anira njanji ku Britain linalola kampani ya Virgin kugwiritsa nawo ntchito malowa, ndipo kampaniyo ikuti ikufuna kuyamba kunyamula anthu mu 2030. Sitima zakezo zikadzabwera, okwera ake adzadutsa pa zipata zomwezo za pansi pa St Pancras, choncho ngati maboma a Britain ndi France sagwirizana zokulitsa chipindacho ndi kuwonjezera apolisi chaka chimenecho chisanafike, makampani awiri adzangogawana mzere umodzi, ndipo tikiti siidzatsika monga inatsikira ku Italy ndi ku Spain.